Ukwati wa Gloria ndi Chipewa cha a Mlandeni

Masasa,
Mzuzu.

Okondedwa achemwali anga a Rozina,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo panu ku Luchenzako. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Tsiku lija pa foni munati muli bwino, koma ine ndimakudziwani, inu ngakhale mutathyoka mungati mwangopunthwa pang'ono. Ife kuno tili moyo. Chisanu chokha ndiye chafikapo, zovala zikumakhala pachingwe osauma chifukwa cha kamvula kowaza ka kuno kaja.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo pa foni inu mumandidula mawu. Mwana wanga Gloria, amene ndi wanunso, wapeza banja. Mnyamatayo ndi Gomezgani Chirwa, kwawo ndi ku Nkhata Bay koma anakulira konkuno ku Chiputula. Amaika magetsi m'nyumba za anthu, samwa, ndipo akamalowa m'nyumba mwanga amavula nsapato ngakhale ndimuletse. Koma ukwatiwu unatsala pang'ono kufa usanabadwe, ndipo woupha ndikanakhala ine, kapena ndinene kuti nkhope yangayi.

Mukukumbukira kuti ndinabwera kuno kudzagulitsa misomali ndi penti m'sitolo, zamasewero zinali zongocheza nazo Loweruka m'maholo a matchalitchi. Pano ndiyo ntchito yanga mpaka imvi zayamba. Ndakhalapo mlonda wogona pantchito, kondakitala wamwano, m'busa wabodza, wapolisi wokonda kutambasula dzanja, ngakhale mtembo ndinakhalapo. Mnyamata wokwatira namwali wokongola kumapeto kwa sewero sindinakhalepo. Mtsogoleri wa gulu lathu, mayi Vitumbiko, anandiuza ndikungoyamba kumene kuti nkhope yanga ndi ya munthu amene wabisa kanthu kumbuyo, ndiye ndisadzivute n'kufuna kukondedwa. Ndinakwiya nawo, koma nkhope yomweyo ndi imene yatidyetsa, n'kuphunzitsa Gloria mpaka lero naye akuphunzitsa ana a anthu ku Mzilawaingwe.

Onse ndatchulawo anthu anawaiwala. Amene anandikakamira ndi a Mlandeni, bambo wofika pamaliro a mchimwene wake ndi lole, n'kusesa katundu yense kusiya mkazi wamasiye ndi ana pamphasa. Tinayamba nawo pa siteji, kenako anajambula filimu, pano ali m'mafoni a anthu. Ndikakwera minibasi kondakitala amakuwa kuti amayi agwiritse zikwama, a Mlandeni akwera. Kumsika azimayi ena amandigulitsa tomato atayang'ana kumbali. Ine ndinkangoseka, ndimati ndiye kuti ntchito ndikuigwira.

Pali kachitidwe kathu kamene sindinakufotokozerenipo. Sewero likatha anzanga amatsazika n'kuchoka, koma ine ndimatsala. Amandiikira mpando kutsogolo, ndimakhalapo chipewa cha a Mlandeni chili kumutu, ambulera ali m'manja, ndipo aliyense mu holo ali ndi ufulu wondifunsa kapena kundikalipira. Lamulo la a Vitumbiko ndi lakuti chipewa chisanavulidwe sindimwetulira, sindipepesa, sindinena kuti zinali zocheza. Amati ndikangofewa azimayi amachita manyazi n'kukhala pansi, mawu awo n'kubwerera nawo kunyumba. Ndatukwanidwa m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde momwe. Ku Ekwendeni agogo ena anandigenda ndi chitsononkho.

Tsono za ukwati. Kuno sizili ngati kwathu. Akuchimuna amatuma munthu wapakati, amati thenga, kuti adzafunsire. Anabwera bambo wina waulemu dzina lake a Frackson, tinacheza bwino, anati abweranso ndi mawu. Kenako kunangoti zii. Titafufuza tinamva kuti nkhani yaima kwa azakhali ake a mnyamatayo, anyaChirwa, amene anamulera makolo ake atamwalira. Iwo atamva kuti Gloria ndi mwana wa yani, anati sangakhale pamphasa imodzi ndi nkhope imeneyo. Gomezgani sangakwatire popanda mawu awo, ndipo ine sindikumuda, mwana wokana womulera sindikanamufunanso pakhomo panga.

Gloria anayamba kuwonda ndikuona. Tsiku lina tikudya anandifunsa kuti bwanji pa zaka zonsezi sindinasewereko munthu wabwino ngakhale kamodzi. Sanakweze mawu ayi. Achemwali, funso limenelo linandiwawa kwambiri. M'mawa mwake ndinakapereka chipewa kwa a Vitumbiko, ndinati apeze Mlandeni wina. Iwo sanatsutse, anangochiika pamwamba pa kabati n'kunena kuti ndikapume kaye.

Ine ndinkaganiza kuti anyaChirwa ndi mmodzi mwa anthu aja osasiyanitsa sewero ndi moyo, ndiye mankhwala ake n'kukawaonetsa ine Morris weniweni. Ndinapempha a Frackson kuti andiperekeze. Ndinameta, ndinavala suti ya kutchalitchi. Titafika ku Chiputula ndinapereka moni ndi mawu otsika kwambiri, manja ali pamodzi, ndinawatchula kuti mayi anga okondedwa, kenako ndinati tisanakambe chilichonse tiyambe tapemphera. Mayiwo anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Tili m'njira a Frackson anandifunsa ngati ndinachita dala. Apo m'pamene ndinazindikira. A Mlandeni sakalipa, satukwana. Amalankhula motsitsa, amati mlamu wanga wokondedwa, ndipo asanakweze mpando woyamba pa lole amayamba atsogolera pemphero. Ine ndinapita kukawakana a Mlandeni, n'kukawasewera bwino kuposa pa siteji. Sekani ndithu, nanenso pano ndikuseka, koma tsikulo sindinaseke.

A Frackson ndi amene ananditsegula maso. Anati mayiwo ndi namwino wopuma pantchito, sewero amalidziwa bwino lomwe kuti ndi sewero. Vuto ndi lakuti amuna awo atamwalira ku Chintheche, mlamu wawo anachita zomwezo, pemphero ndi zonse, iwo n'kubwera ku Mzuzu ndi ana komanso kachikwama ka zovala. Seweroli analionerapo kamodzi ku holo ya tchalitchi chawo. Azimayi ena akundikalipira, iwo analephera kuimirira n'kulankhula, anangotuluka. Mlamu wawoyo anamwalira kalekale asanamuuzepo ngakhale liwu limodzi. Ndinachita manyazi kuti ndinawayesa munthu wosazindikira.

Patapita masiku kunabwera uthenga. AnyaChirwa anati ndipite, koma suti ndisiye, ndibwere ndi chipewa ndi ambulera. Gloria anandigwira mkono kuti ndisapite, anati ndikamalizitsa zowononga. Nanenso ndinkaopa zomwezo. Koma woitanidwa sakana asanamve, ndinakatenga chipewa kwa a Vitumbiko. Pondipatsa anandiyang'ana m'maso n'kundikumbutsa kuti lamulo ndi lomwe lija, kaya ndi mu holo kaya ndi pakhomo pa munthu.

Anali masana. Anandiikira mpando umodzi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi, a Frackson ataima chapatali. Ndinavala chipewa n'kukhala. Mayiwo anaima patsogolo panga, anayamba m'Chichewa, posachedwa analowa m'Chitonga. Ine Chitonga ndimangotola apa ndi apo, koma ndinamva bwato, ndinamva maukonde, malata, mabuku a ana. Kenako anabwerera m'Chichewa kuti ndimve bwino, n'kundifunsa ngati ndinapeza tulo pabedi limene mchimwene wanga anafera.

Achemwali, mtima wanga wonse unkafuna kuti ndigwade ndipepese. Ukwati wa mwana wanga uli m'manja mwa mayi ameneyu, ine ndimuyankhe mwano? Koma ndinadziwa kuti ndikapepesa akhala chete ngati mmene anachitira ku holo kuja, ndipo nkhope yanga sadzaiyang'ananso. Ndinagogoda pansi ndi ambulera, n'kuyankha motsitsa kuti ndinagona bwino ndithu mlamu wanga wokondedwa, katundu wa m'bale wanga ndi wanga. A Frackson anagwira kumutu.

Pamenepo mayi uja anaphulika. Anakuwa mpaka oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Anandiloza m'maso, anatchula ana awo mmodzimmodzi ndi zimene aliyense anavutika nazo, anatchula mwana amene anamwalira chaka choyamba ali kuno. Ine ndinangokhala, khosi lili chilili, misozi ndikuimeza. Zoonadi mlandu suola. Mawu atawathera anakhala pansi padothi n'kulira kwa nthawi ndithu. Atatha anapukuta kumaso ndi chitenje, n'kunena kuti basi, vulani chipewacho.

Nditavula, anandipatsa moni ngati tikuonana koyamba, monire adada, n'kundifunsa dzina langa. Analowa m'nyumba, anatulutsa tiyi ndi chinangwa chophika. Tikumwa anandifunsa kumene ndinaziona zimenezi, anati lole munthu angathe kupeka, koma pemphero lija palibe angalipeke. Ndinawauza za kwathu. Ndinawauza mmene abambo atamwalira anafikira abambo aang'ono ndi lole ya ku esiteti, mmene anatigwaditsira tonse n'kupemphera, kenako n'kumaloza katundu ndi nsonga ya ambulera. Ndinawauzanso za makina osokera a mayi, kuti inu munakakamira mwendo wake, iwo n'kumakumenyani zala ndi ambulera uku akunena mofatsa kuti mwana wanga tasiya. AnyaChirwa anati yewo chomene, ndiye zikomo kwambiri wa kuno, n'kutembenukira kwa a Frackson kuwauza kuti ntchito yawo apitirize, ana adikira mokwanira.

Ndikuthokoza Mulungu, achemwali, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Ndikuthokoza a Vitumbiko pondipatsa lamulo limene ndakhala ndikuliyesa nkhanza. Ndikuthokoza a Frackson, amene anayenda mtunda wa pakati pa Masasa ndi Chiputula mpaka nsapato kutha, pa nkhani yosakhala ya mwana wawo. Koposa onse ndikuthokoza mayi uja, chifukwa akanatha kungokana basi, palibe akanawaimba mlandu. Zaka zonsezi mumtima ndinkadandaula kuti anzanga amaomberedwa m'manja pamene ine ndimatukwanidwa. Lero sindingasinthane ndi aliyense wa iwo. Loweruka lapitali tinali ndi sewero, ndinapeza jekete ya a Mlandeni itasitidwa bwinobwino pampando. Ndinadziwa kuti waisita ndi Gloria.

Pempho langa ndi limodzi. Mabanja awiriwa akumana mwezi wa Seputembala, ndipo ndikufuna mubwere. Amalume ake a Gloria a ku Thyolo ndawadziwitsa kale, paja kwathu eni mbumba ndi iwo. Koma kuno mlongo wa bambo, amene amamutchula kuti ankhazi, ndi munthu wamkulu kwambiri pa nkhani za ukwati, ndipo mukapanda kuoneka adzati Gloria alibe kwawo. AnyaChirwa nawonso anena mobwereza kuti akufuna kugwira dzanja la mtsikana amene anakakamira makina uja. Ndawauza kuti mtsikanayo pano ali ndi zidzukulu, ati zilibe kanthu. Zaulendo ndikonza ine, inu mungotenga juzi yokhuthala, kuno si ku Luchenza.

Pali kenanso kamene ndalephera kukanena pakamwa. Ana anu anandiuza kuti atakuonetsani filimu ija pa foni, itafika pa pemphero munadzuka n'kunena kuti mwasiya nyemba pamoto, ndipo simunabwererenso. Abambo aang'ono anamwalira, inu n'kukaphika pamaliro awo, osanenapo kanthu mpaka lero. Sindikukukakamizani. Koma mukabwera, kuseri kwa nyumba yanga kuli malo, mpando ulipo, chipewa ndikusunga kunyumba. Mukadzafuna ndidzakhalapo, ndipo sindidzapepesa mpaka inu mutanena kuti ndivule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Lovemore, muwauze kuti mbuzi ija analonjeza Gloria ali wakhanda nthawi yake yakwana. Moni kwa Maureen ndi amuna ake, kwa Chisomo, ndi kwa zidzukulu zonse. Gloria akuti azakhali asachite mwina, akudikira inu kuti mudzaone nsalu imene wasankha.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Morris