Musathyolenso Nthambi, Alamu

Libuyu, Livingstone
14 Ogasiti 1996

Okondedwa alamu a Derrick,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ku Katete. Ife kuno tilipo. Mwana wanu Joy wayamba kundiphikira, ngakhale mchere amachulutsa.

Ntchito yakula, alamu. Mukukumbukira kuti ntchito itatithera kufakitale ya magalimoto, anzanga Ba Mumbi anayamba kudula malata pansi pa mtengo wa mango, kupanga matirayango ofiira oika pamsewu galimoto ikafa. Tinali atatu basi. Lero tilipo khumi ndi asanu, tili ndi shedi yathu ku Malota, ndipo oyendetsa malole opita ku Kazungula amachita kuima pamzere. Ine ndimamata zonyezimira. Ba Mumbi amandinena kuti, "Ba Jackson, mumata monga ni diresi ya mkwatibwi, fulumizani!" Ndimangoseka nawo, koma sindifulumira.

Ndakutumizirani matirayango awiri pamodzi ndi kalatayi, a lole yanu ya thonje ija. Koma ndikukudziwani anthu akwathu. Mumawakulunga m'nyuzipepala pansi pa mpando kuti muzionetsa apolisi, lole ikafa n'kumathyolabe nthambi zoyala pamsewu. Nthambi sizioneka mumdima, alamu. Pamene basi ija inagunda lole ku Zimba, nthambi zinalipo ndithu, ndinakaziona m'mawa mwake. Mukudziwa mpando umene mlongo wanu, malemu amake Joy, anakhalapo.

Tsono awa musawasunge bwino. Ndikabwera pa Khirisimasi ndidzawapeze afumbi ndi okandika, ndipo ndidzakubweretserani ena.

Mundiperekere moni kwa amake Miriam.

Ine mlamu wanu,
Jackson Mwanza