Makapu Amene Alamu Anu Sanawotche

19 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndinalandira, pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndakhala ndikuyamba n'kusiya, chifukwa masiku ano sindikhazikika pamalo amodzi. Munafunsa ngati ndikudya, komanso zimene ndachita ndi katundu wa alamu anu. Kudya ndikudya. Za katunduyo mundilole ndiyambire patali.

Tsiku lomaliza limene alamu anuwo anali bwinobwino linali tsiku wamba. Analawirira m'shedi mwawo kuseri kwa nyumba, ine ndikuwatungira madzi ndi kuwapondera dongo monga mwa nthawi zonse. Anaumba makapu mpaka masana, wailesi ikulira pawindo. Mukukumbukira mmene ankamatira chogwirira cha kapu, kukanikiza ndi chala chachikulu n'kusiyapo kadzenje. Nditanyamula imodzi kuti ndione, anandimenya padzanja, amvekere manja anga ndi a nyundo. "Musawakhudze mpaka aume. Tiwotcha Loweruka." Loweruka lakelo tinali kuchipatala, ndipo zotsalazo mukuzidziwa.

Makapuwo anatsala pamashelefu osawotcha. Kwanuko kaya zili bwanji, koma kuno boma linaika lamulo loti munthu aliyense ali ndi gawo lake la utsi pamwezi. Ukagula nkhuni, makala kapena mafuta a galimoto, ngakhale ukakwera basi, amachotsera pakhadi lako, ndipo gawo likatha wogulitsa amakubweza. Tili awiri tinkaphatikiza magawo athu, kudzimana apa ndi apo, uvuni wowotchera makapu n'kumayaka. Iwo atangopita, gawo lawo linafufutidwa maluwa asanafote n'komwe pamanda. Komatu ketulo ya munthu mmodzi imafuna moto womwewo wa anthu awiri.

Sindikunena kuti lamuloli ndi loipa. Adokotala atamvetsera m'chifuwa mwa alamu anu anafunsa kuti akhala akupuma utsi kwa nthawi yaitali bwanji, ine n'kungoyang'ana pansi. Utsi ndaudziwa zimene umachita. Chondisowetsa mtendere ndi china.

Atelala a nyumba yoyandikana nafe, aja okonda nthabwala, anayenda khomo ndi khomo mumsewu wathu, ndipo anthu anavomera kundigawirako utsi wawo kuti makapu apse. Tinapita limodzi ku ofesi. Kalaliki anatiuza mwaulemu kuti kupatsana gawo n'koletsedwa, poopa kuti mabwana angamalande antchito awo, koma kugulitsa kudzera mu ofesiyo n'kololedwa. Ogula ake mukuwadziwa, ndi aja okhala kumtunda, a magalimoto akuluakulu amene amasiyidwa akulira pageti eni ake akumwa tiyi. Atelala anafunsa ngati utsi wogula umapita kuthambo lina. Kalaliki sanaseke. Ine ndinaseka, koyamba chichokereni maliro, kenako ndinachita manyazi.

Ndinayesa kusunga gawo langa. Ndinasiya kukwera basi, ndinkasamba madzi ozizira, kudya zosafuna moto. Ndinkangoyenda, Achemwali, kuchoka kunyumba kukafika kumlatho, kubwerera, kusuzumira m'shedi, kutulukanso. Nkhuni zimene ndinakwanitsa kugula sizikanafikitsa uvuni ngakhale pakati.

Kenako mvula inayamba, ndipo denga la shedi lija limadontha. Kapu yosawotcha ikanyowa imabwerera kudothi. M'mawa wina ndinapeza imodzi itafwafwanika pashelefu ya pamwamba, kadzenje ka chala kaja katafufutika. Ndinasamutsira otsalawo m'chipinda chogona, koma chinyezi chinali paliponse, ndipo milomo ya ena inayamba kunyenyeka.

Lachiwiri lapitali kunacha bwino. Ndinalongedza makapu mu uvuni mmene ndinkawaonera iwo akuchitira, ndinayatsa nkhuni zanga zija, ndipo zitayamba kutha ndinalowa m'shedi ndi nkhwangwa. Ndinayamba ndi mashelefu. Kenako tebulo lawo loumbirapo, bokosi losungiramo zida, ndi thabwa limene ankayanikirapo mbale. Atelala anatuluka atamva kuwaza, anaima pampanda, ndipo tsiku limenelo nthabwala analibe. Anangobwera n'kuyamba kundipatsira matabwa.

Utsi unaoneka patali. Mayi woyendera za utsi m'dera lathu, amene ana amawatcha Mayi Utsi, anafika panjinga yawo nditagwira kampando ka alamu anu, kaja kamiyendo itatu kamene kanachita kusalala ndi kukhalidwa. Anaona khadi langa, n'kunena kuti moto umenewu ukuposa nkhuni zimene ndinagula, ndipo lamulo likuti auzimitse ndi kutseka uvuniwo. Ndinawauza kuti akathira madzi tsopano, zonse zili m'katimo zisweka.

"Nanga mukusonkhezera chiyani, bambo?"

"Katundu wa akazi anga."

Anayang'ana kampandoko, anayang'ana m'shedi mopanda kanthu muja. Anati utsi ndi utsi, thambo silifunsa kuti wachokera m'mtengo wa ndani, ndipo ndinawavomereza chifukwa ndi zoona. Kenako anafunsa kuti uvuni umazizira liti. Ndinati mawa masana.

"Unyolo ndi loko ndaiwala ku ofesi. Ndibwera nazo mawa masana."

Chonsecho ndinkaziona zili m'basiketi ya njinga yawo. Atapita ndinaponya kampando kaja pamoto. Kanayaka msanga kuposa mmene ndinkaganizira.

Anabweradi, ndipo uvuni anautseka. Sudzayakanso, komanso andidula gawo la mwezi wamawa. Sindinadandaule, ndipo inunso musadandaule, madzi ozizira ndawazolowera. Makapu ena anang'aluka, poti ine si mmisiri, koma ambiri anapsa bwino, ukawagogoda ndi chala akulira. Ndagawira nyumba iliyonse imene inafuna kundipatsa utsi wake. Mayi Utsi anakana, ndiye yawo ndinangoiika m'basiketi muja iwo akulimbana ndi loko.

Zovala ndinapereka kwa abale awo. M'shedi tsopano mulibe chilichonse, ndipo ndimapezeka ndaimamo osadziwa chimene ndalowera, pokhala palibenso. Zoti ndibwere kudzakhala nanu ndamva, koma musandidikire msanga.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Wobweretsa kalatayi akupatsaninso kaphukusi, muli kapu imodzi, mutsegule mosamala, ndakulunga ndi epuloni yawo. Pomwera tiyi muike chala chanu chachikulu pamwamba pa chogwirira, mupezapo kadzenje. Changa sichikwanapo, n'chachikulu, koma ndimachiikapobe m'mawa uliwonse.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a m'shedi