Khadi Losakwana M'bokosi

Kabwata, Lusaka

Okondedwa atate aang'ono ba Sharif,

Asalamu aleikumu. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo. Amayi akusokabe mayunifolomu, ine mayeso ayandikira koma mutu sukukhazikika.

Kompyuta ya magemu ija tinkamanga ndi atate yatsala chinthu chimodzi, galafiki khadi, lija lotulutsa zithunzi. Atate anasankha lalikulu la mafani atatu oziziritsira pa shopu ina ku Northmead. Nditayeza ndi tepi ya amayi, khadilo linapitirira bokosi la kompyutayo ndi masentimita asanu. Iwo anangoseka, amvekere, "Iwe Mubarak, ine ndine wowotcherera, chitsulo sichindiuza zochita. Bokosilo ndidula Loweruka."

Papita masabata asanu ndi awiri atate osabwera kunyumba. Akuti ali ndi ntchito ya mageti ku Chelstone, ngati kuti Chelstone ndi kunja kwa dziko. Galainda yodulira zitsulo anatenga, chabwino, koma anatenganso nsapato zawo za pa Idi. Ndikawafunsa amayi, amangothamangitsa makina osokera.

Pali khadi lina laling'ono, la mafani awiri, lolowa popanda kudula kanthu. Mwini shopu akuti andisungira mpaka Lachisanu basi. Ndikaweruka kusukulu ndimapita kukaliyang'ana, n'kubwerako chimanjamanja.

Inu makompyuta mumawadziwa, ndipo akulu anu mumawadziwa kuposa ine. Musandinyengerere ngati mwana, ndiuzeni zoona: nditenge laling'onolo, kapena bokosi lija lidzadulidwa?

Chonde yankhani Lachisanu lisanafike.

Ndine mwana wanu,
Mubarak