Pamwala Wovulira Nsapato

Lamlungu, 24 Ogasiti

Ndafika kumudzi. Basi yochokera kumzinda wa Dehradun yatisiya pamlatho chifukwa phiri lagumukira mumsewu, kotsalako ndakwera wapansi, chikwama pamutu. Mvula siikukata.

Nkhani ija ndi yoona. Chaka chino ndi nyumba yathu yokathyola maluwa a brahmakamal a pachikondwerero cha Mayi Nanda, mulungu wathu wamkazi wa kumapiri kuno. Mwayi umenewu unafika komaliza pakhomo pano agogo adakali moyo, ndiye Bambo nkhope ikungowala ngati mkwati. Dengu latsopano la nsungwi alipachika kale pakhonde kuti wodutsa aliyense aone. Anyamuka Lachisanu ndi amuna a nyumba zina zitatu. Ine andiitanira kudzanyamula katundu mpaka pamwala wovulira nsapato basi. Kuchokera pamwalapo othyola amakwera mapazi ali pamtunda, kugona kuphanga, m'mawa mwake kudambo la pamwamba.

Amayi sakulankhula bwinobwino. Andipatsa tiyi n'kumangondiyang'ana. Pali kanthu.

Lolemba, 25 Ogasiti

Kanthu kaja ndakaona, ndipo chakudya chandikanika.

Amayi andikokera kukhitchini. "Pitu, kawaone phazi abambo akowo. Ine pakamwa pandiuma n'kunena."

Ndawapeza akusamba miyendo kuseri. Pansi pa chala chachikulu cha kumanzere pali chilonda chachikulu ngati chitsekero cha botolo, m'mbali mwake mwayera. Akuti anaponda msomali kukhola mwezi watha. Sanamve kalikonse, anangoona magazi munsapato. Shuga uja wawapha mapazi.

"Sichikupweteka," atero.

"Vuto lake ndi lomwelo, Bambo."

"Wogulitsa nsapato wasanduka dokotala liti?"

Ndimagulitsadi nsapato, koma mapazi ndimawaona tsiku lililonse, ndipo ili silinandisangalatse. Ndikuopa.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Kuchipatala chaching'ono cha kumunsi akana kupita, ndiye ndajambula chilondacho pafoni n'kutsika ndekha. Anesi a Sushila anachikulitsa pafonipo, n'kuvula magalasi.

"Matope, miyala, madzi ozizira, opanda nsapato? Achimwene, mukadzabwera nawo ife tidzangowatumiza kutauni akadule. Mwayi ukakhalapo chala chokha. Apo ayi, phazi lonse."

Andipatsa mankhwala ndi mabandeji. Njira yonse yokwera mawu aja amangolira m'mutu. Phazi lonse.

Madzulo ndayesa mwaulemu. Ndati mwambo umalola mwana kupita m'malo mwa bambo ake, nditumeni ine. Tsoka ilo Jagmohan, mwana wa bambo aakulu, anali pomwepo akumwa tiyi wathu monga mwa nthawi zonse. Anandigwira phazi n'kulidina ndi chala.

"Abwana a nsapato, mapazi awa? Ofewa ngati mtanda wa chapati! Pofika kuphanga tidzakuberekani."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Atatha kuseka anati, "Mwayi uwu ukadzabweranso pakhomo pano ine ndidzakhala phulusa mumtsinje. Bambo anga anapita ndi mapazi awo. Inenso ndipita ndi anga."

Ndinatola makapu a tiyi n'kupita nawo kukhitchini.

Lachitatu, 27 Ogasiti

M'mawa ndayesera ndekha, opanda nsapato, mpaka pachigayo chamadzi. Mayo ine! Mwala uliwonse ndaudziwa ndi dzina. Misundu inayi kumwendo, chidendene chang'ambika. Jagmohan sananame, koma zimenezi sadzazimva kwa ine.

Kulongedza: mchere wa misundu, mapepala apulasitiki ofunda, mabulangete, ufa wokazinga, machesi m'kabotolo. Jekete langa la mvula Amayi alanda. Ndi lofiira, ndinaiwala. Kumtunda kuja sitivala zofiira, sitikuwa, sitiimba likhweru, mizimu, eni ake a madambo, ingakutenge. Andipatsa chijasi cha agogo chonunkha mbuzi.

Masana ndachita chinthu chimene sindikudziwa ngati n'chabwino. Ndapita kwa ansembe a Nautiyal, a kukachisi wa Mayi Nanda, ndawaonetsa chithunzi, ndawapempha kuti awaletse Bambo. Iwo angamve ansembe, ine ayi.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, munthu woitanidwa ndi Mayi ine sindingamuletse. Phazi ndi lake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Nanga munthu amene sakumva kanthu atsekula bwanji? Sindinafunse. Potuluka ndaona katani ya kuchipinda ikugwedezeka. Akazi awo a ansembe anali kuseriko.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Mudzi wonse wadziwa. Pokagula machesi ena pashopu ndamva ndekha: "Ana a m'tauni awa, kukaneneza bambo ako kwa ansembe." Wina akuti, "Komatu akuti chilondacho chawola." Atandiona anayamba kukamba za mvula.

Bambo abwera kuchokera kukachisi nkhope ili gwa. Mawu amodzi okha: "Wandivula pagulu." Kuyambira pamenepo sakundiyang'ana. Chapati amapempha kudzera kwa Amayi ngakhale mbale ili pafupi ndi ine.

Ndakwiya, ndisaname. Munthu wamkulu, wa imvi, kulolera phazi chifukwa cha maluwa ofota pakatha masiku awiri! Koma ndikawaona akusisita dengu lija, akuyesa zingwe zake paphewa, mkwiyo umathawa, pamatsala mantha okha. Moyo wawo wonse akhala akuperekeza anzawo mpaka pamwala paja n'kubwerera.

Amayi posintha bandeji anatembenuzira nkhope kumbali. Kenako anandinong'oneza kuti chayamba fungo. Anati, "Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu," koma ananena akulira.

Wailesi ikuti mvula ipitirira. Wotithandiza palibe.

Lachisanu, 29 Ogasiti, kuphanga

Zala zauma ndi kuzizira, zilembo zikupita kwina. Ndilembebe.

Tinanyamuka m'mawa ng'oma zikulira, akazi akutithira mpunga pamutu. Bambo patsogolo, dengu kumsana, ine ndi Jagmohan pambuyo ndi katundu. Njira yonse sindinaone phiri kapena mtengo, maso anali pa nsapato yawo ya kumanzere. Ikalowa m'matope mtima wanga umalowa nawo. Sanatsimphine ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa kwambiri. Pamtsinje wachiwiri mlatho wa mitengo unakokoloka, tinawoloka m'madzi ofika m'mawondo. Sanandilankhule, dzanja langa anakana.

Pamwala tinafika masana. Amuna atatu aja anavula nsapato zawo n'kuzilowetsa kunsi kwa thanthwe. Onse chete, pamenepo sipolankhulira mokweza. Bambo anakhala pamwala, anamasula ya kumanja, kenako ya kumanzere. Bandeji inali itanyowa, ndipo si madzi okha. Sokosi itamatirira, yofiira mpaka kuchidendene. Anaiyang'ana ngati phazi la munthu wina. Jagmohan, woseka uja, anayang'ana pansi.

Nkhungu inang'ambika pang'ono kumtunda. Phiri lonse linaoneka, maluwa okhaokha, achikasu, abuluu, ofiirira, mpaka kumene miyala imayambira. Bambo anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Anaika phazi la kumanja pansi, paudzu wonyowa wa kuseri kwa mwala, n'kulisiya pamenepo kanthawi. Kenako analibweza, anavalanso nsapato zonse ziwiri, n'kumanga zingwe pang'onopang'ono.

Anavula dengu.

"Vula," anatero, osandiyang'ana.

"Bambo?"

"Wagontha? Vula nsapatozo, ndisunga ine. Katundu mpatse Jagmohan."

Ndinavula. Udzu unali wozizira ngati mpeni. Anandiveka dengu okha, akukoka zingwe mwamphamvu mpaka paphewa kupweteka.

"Uthyole otseguka okha, amphukira uwasiye. Ponda pamene waponda wa patsogolo pako. Ukamva kupweteka usakuwe." Anamangitsa chingwe chomaliza. "Ndi bwino kumva kupweteka."

Akuti atidikira kukanyumba ka abusa pafupi ndi mwalawo, Jagmohan akhala nawo ndipo aziwasintha bandeji.

Mapazi anga panopa sindikufuna n'kuwaona. Mawa ndiye kudambo. Koma pamene njira imakhota ndinacheuka kamodzi. Anali adakali pamwala paja mvula ikuwagwera, nsapato zanga atazilowetsa m'jasi mwawo kuti zisanyowe. Ndinakweza dzanja, koma sanandione. Maso awo anali kumtunda, kumene tikupita.