Mapilitsi m'chitini cha mabatani

Aphungu,

Mwamuna wanga ndi telala, ndipo ali ndi matenda akugwa kuyambira ali mnyamata. Ndinakwatiwa naye ndikudziwa zimenezi, ndipo sindinanong'onezepo bondo. Chaka chatha ndinamva pa wailesi kuti madzi a zipatso ngati mabulosi ndi mphesa angateteze ubongo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndimamufinyira zipatso pa kansalu koyera, moti zala zanga zinachita kusintha mtundu. Amamwa ataimirira, tepi ili m'khosi, n'kumati, "Adokotala anga afika."

Patha miyezi isanu ndi itatu asanagwe. Koma Lolemba ndikufunafuna batani la malaya a mwana wathu, ndinatsegula chitini chake cha mabatani n'kupezamo mapilitsi ake akuchipatala, a masabata atatu athunthu. Ine kumamupatsa m'manja pamodzi ndi kapu, osadziwa kuti munthu akungoponya m'thumba! Nditamufunsa anaseka: "Amayi a mwana, chandichiritsa ndi manja anuwa. Mapilitsi aja amangondiodzeretsa pa mashini, msoko n'kukhota."

Ndisaname, Aphungu, mawuwo anandikoma mumtima. Koma munthuyu amasita ndi simbi yamoto, ndipo popita kuntchito amadutsa msewu waukulu pa njinga. Ndili ndi mantha. Kodi madziwa angamuteteze paokha? Nanga ndimuuza bwanji, poti wasiya mankhwala chifukwa chondikhulupirira ine?

Ine wanu,
E.K.

Mayi E.K.,

Telala wanuyo amakukondani, izo zokha sindikukayika. Koma yankho langa ndi lakuti ayi. Zoti madzi a zipatso angachepetse kugwa akatswiri akuzifufuzabe, ndipo zambiri anaziyesera pa makoswe. Amuna anu si khoswe. Werengani bwino: pa miyezi isanu ndi itatuyo, yoposa isanu ndi iwiri amamwa mapilitsi. Amene agwira ntchitoyo ndi mapilitsiwo, kungoti alibe kukoma.

Kusiya mankhwala amenewa mwadzidzidzi n'koopsa, chifukwa matendawa amatha kubwerera mwamphamvu kuposa kale. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, chitinicho mutenge. Musayambe kumumwetsa mwa nzeru zanu, adokotala ndiwo anene poyambira. Amuna anuwo akanenenso za tulo tija. Si bodza la ulesi, ndi dandaulo lenileni, ndipo adokotala angathe kusintha mlingo kapena nthawi yomwera. Muwauzenso zipatso zimene mumafinya, popeza zina, makamaka manyumwa, zimasokoneza mankhwala ena akugwa. Mpaka adokotala atalola, njinga ipume, ndipo simbi agwire wina.

Akagwa, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Chotsani masizasi ndi zonse zomwe zingamupweteke, mumuike chofewa kumutu, ndipo akasiya kugwedezeka mumugoneke cham'mbali. Zikapitirira mphindi zisanu, thamangirani kuchipatala.

Za momuuzira, musamukalipire, ndipo kufinyako musasiye ngati adokotala avomereza. Mumuuze kuti, "Bambo, ngati mumakhulupirira manja angawa, imwani zonse zimene akupatsani. Dzanja ili labweretsa kapu, ili labweretsa pilitsi. Onse ndi anga."

Chenjezo langa ndi limodzi: munthu amene wakupusitsani masabata atatu akumwetulira ali ndi luso. Mukamupatsa pilitsi, musatembenuke msanga kukatsuka kansalu kaja. Imani pomwepo, muzimuyang'ana mwachikondi, mpaka atameza.

Aphungu