Kabotolo Kokana Kugona

Lolemba, 3 Malichi

A Magalasi, akulu a labu yathu, andinyoza pamaso pa anthu onse. Akuti manja anga ndi auve. Ine! Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa tebulo lomweli.

Nkhani yake ndi iyi. Timatenga maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, n'kuwagawa m'timabotolo tiwiri. M'kachiwiri timadonthezamo saitokaini, kauthenga kamene thupi limatumiza kukalowa matenda. Kakagogoda pa selo, enzaimu, kapuloteni ka m'kati mwa selo, imadzuka n'kudzutsa inzake, inzakeyo n'kudzutsanso ina, mpaka selo lonse lili chilili kufuna nkhondo. M'kabotolo koyamba sitithiramo kanthu, maselo ake amayenera kugona. Anga sakugona. Kachitatu tsopano.

"Mukuipitsa ndinu," atero a Magalasi. "Zikapitirira mpaka Lachisanu, ntchitoyi ndipatsa wina."

Apereke tione.

Lachiwiri, 4 Malichi

Magolovesi atsopano, madzi atsopano, tebulo ndapukuta ndi sipiriti mpaka mphuno kuwawa. Magazi ndi anga monga mwa masiku onse. Kuno tikafuna magazi a munthu wabwinobwino timangopinda malaya tokha. Wanditenga magaziwo ndi Kaphokoso, mnzanga wa tebulo loyandikana.

Zala zinauma m'mawa, chivindikiro chinandikanika kutsegula. Ndi kuzizira kwa chipinda cha mafiriji basi.

Lachitatu, 5 Malichi

Adzukanso, anthu inu!

Ndadonthezamo mankhwala otseka enzaimu yoyamba ija, maselo onse zii. Ndiye kuti uthenga ulipodi, kungoti sindikudziwa akuutumiza ndani. Ndawauza a Magalasi. Sanadzutse ndi mutu womwe.

Kunyumba achemwali: "Mphete ija wavuliranji?" Ikundithina, ndatero. "Pita kuchipatala iwe." Asandiuze za chipatala, ndimachiona pawindo tsiku lililonse.

Lachinayi, 6 Malichi

Kaphokoso wapinda malaya ake: "Tenga anga, aise, tione ngati manja akowo alidi ndi tsoka."

Timabotolo tinayi, tiwiri take, tiwiri tanga. Tebulo limodzi, manja omwewa. Ndakawatenga a Magalasi mu ofesi mwawo kuti aime pambali aone dontho lililonse. Aima, manja m'thumba, ine sindinagwetse kanthu.

Lachisanu, 7 Malichi

Kabotolo koyamba ka Kaphokoso kali m'tulo tofa nato. Kanga kali maso.

Ndinakawaponyera a Magalasi pepala la zotsatira patebulo. "Manja auve aja ndi amenewa, onani!" Ndinkafuna apepese anthu akumva, ndipo apepesadi. Ntchito ndi yanga. Koma pepalalo sanaliyang'ane nthawi yaitali. Anavula magalasi n'kuyang'ana zala zanga.

"Zinayamba liti kutupa?"

Ndinabisa manja kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Miyezi inayi, ndinatero.

"Sikuti mumaipitsa ayi, mayi," anatero motsitsa mawu. "Uthengawo ukuchokera m'thupi mwanu, muli matenda amene akudzutsa maselo anu."

Kaphokoso anandikokera mpando kuti ndikhale.

Lolemba, 10 Malichi

Ndawoloka msewu kupita kuchipatala kuja. Nambala 27 pamzere, achemwali ali pambali panga, nkhope yonse ikuti ndinanena ine.

Namwino anayamba kundifotokozera za maselo oyera. Ndamuuza kuti asavutike, ndimawadziwa, ndakhala ndikukangana nawo sabata yonse. Mantha ndili nawo, ndisaname.

Achemwali anafuna kundilembera fomu. Ndakana. Cholembera chandipulumuka kawiri, koma ndalemba ndekha.