Jekete ya Atate Sinabedwe pa Luangwa

George Compound,
Lusaka.
19 Meyi 2024.

Okondedwa mng'ono wanga a Nason,

Ngati mukuwerenga kalatayi, ndiye kuti mwapisa kale dzanja m'thumba lam'kati la jekete, ndipo mwapezamo pepala m'malo mwa ndalama. Pepani. Mtsikana amene wakupatsani phukusiyo ndi Deborah, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga Isaiah, mtsikana uja munamusiya ali ndi zaka zisanu. Musamukalipire, iye wangotumidwa. Mpatseni madzi akumwa ndi mpando. Mlandu ndi wa ine.

Kuno tili bwino. Mawondo okha ndiwo ayamba kulira ngati chitseko cha kuchimbudzi ndikamaimirira. Alamu anu ba Maggie ali bwino koposa, thupi lakalamba koma pakamwa pakadali pa mtsikana. Magetsi amatichezera mwa apo ndi apo ngati wachibale wolemera. Tinamva kuti dzuwa lakuotcherani chimanga chaka chino kumeneko ku Katete, ndiye m'chikwama cha Deborah muli tinsomba ta kapenta ndi sopo pang'ono, zochokera kwa alamu anu.

Mwina mukudabwa kuti kalata ndi ya chiyani pamene mafoni ali ponseponse. Ndayesa kawiri kupempha nambala ya mdzukulu wanu Sophie, koma ndimadzidziwa. Pafoni ndikanayamba ndi nthabwala, n'kuwonjezera ina, tokotaimu n'kutha ndisananene chimene ndaimbira. Ndakhala ndikuchita zimenezo moyo wanga wonse. Choncho ndabwereka bolopeni, ndakhala pansi pa mpapaya, ndipo ndinena msangamsanga ndisanathawe.

A Nason, jekete yachikopa ya atate sinabedwe pa Luangwa.

Mukukumbukira 1982, titaika atate m'manda. Pa tsiku la kumeta, abale awo anagawana katundu monga mwa mwambo. Njinga inapita kwa mphwawo, wailesi kwa wina, makasu kwa wina, ife ana tili phee m'mbali ngati nkhuku zonyowa. Kenaka azakhali anatulutsa jekete ija atate anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, nati: "Iyi yokha ipita kwa mwana. Mwini wake ananena ali moyo kuti ndi ya Nason, amene ankawatembenuza pamphasa ndi kuwasambitsa miyezi isanu ndi umodzi." Inu tsiku limenelo munalibe. Malungo anali atakugwetsani, ndipo anakutengerani kumudzi kwa akazi anu. Azakhali anaiika m'manja mwanga kuti ndikusiyireni popita kukakwera basi, pakuti njira inali yomweyo.

Ndinafika pamphambano. Njira yakwanu inali kumanzere, msewu wa basi kumanja. Ndinangoti ndiiyese kaye kamodzi. Itangokhala pamapewa, ndinamva fungo la atate, fodya uja wa chingambwe ndi utsi. Ine mwana woyamba, amene ndinali ku Lusaka kusenza matumba pamene inu munkasenza atate, ndinachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo. Miyendo inapita kumanja. Patatha mwezi ndinakulemberani kuti ndinaiiwala m'chikwama, ndipo chikwamacho akuba anachitsitsa pa basi titaima pa Luangwa kugula nsomba. Anthu a pa Luangwa andikhululukire. Zaka makumi anayi ndi ziwiri akhala akundisenzera mlandu, pamene chimene anandilakwira n'kundigulitsa nsomba yowola pang'ono.

Jekete imeneyo yagwira ntchito kuno, musaganize kuti inkagona. Ndinkaivala popita ku mafakitale a ku Heavy Industrial m'mawa wa Juni, tikuyenda wapansi kuchokera ku George, anzanga mano ali gwegwede ine ndili ngati mwini kampani. Kapitawo wina anandiika kukhala woyang'anira gulu chifukwa ankati ndikuoneka munthu wodziwa zinthu. Sindinkadziwa kanthu. Inkadziwa ndi jekete. M'minibasi makondakitala ankandipatsa mpando wakutsogolo. Ba Maggie ankangodziwa kuti ndi ya atate, osadziwa kuti si yanga.

Vuto linkabwera inu mukamabwera ku Lusaka. Pamenepo jekete inkapita kukagona kwa mnansi wanga ba Nkole, Mbemba uja wamtali wa nyumba ya buluu. Mukudziwa chimbuya chathu ife a kum'mawa ndi Abemba, chibale chija chonyozana mwanthabwala, amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani ndipo ndi akuba. Tsiku loyamba ndinapita nayo itakulungidwa m'chitenje, ba Nkole anandiyang'ana nati: "Iwe kapolo wanga, chinthu cha tate wako ubisira mng'ono wako? Manje kawalala ni ndani apa, ine kapena iwe?" Ndinaseka, iwonso anaseka. Koma sanaiwale.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Mu Juni 2006 munabwera pa maliro a Isaiah. Munakwera basi tsiku lomwelo mutangomva, munafika ndi thumba la ufa pamutu, munandigwira paphewa. Ine, mwana wanga ali m'bokosi, ndinali nditakumbukirabe kutumiza jekete kwa ba Nkole. Onani mtundu wa munthu amene munabadwa naye. Ndiye pa tsiku loika, Abemba anayamba ntchito yawo ya chimbuya, kupaka anamfedwa ufa kumaso ndi kutiseka kuti mitima ipepuke. Amene ankatsogolera ndi ba Nkole, mbale ya ufa m'manja, jekete ya atate pathupi. Anabwera molunjika kwa inu, nakupakani ufa pachipumi. Ndinakuonani mukuyang'ana dzanja lamanzere la jekete, pamene pali chipsera cha nyali chija. Munayang'ana nthawi yaitali. Kenaka munayang'ana ine. M'mawa mwake munakwera basi, ndipo kuyambira pamenepo moni wanu umandifika kudzera mwa anthu.

Ndinakawakalipira ba Nkole. Anandiyankha kuti: "Kunali mphepo. Ndipo ninafuna mwine wake aione kuti ikali moyo." Ndikanakulemberani chaka chomwecho. M'malo mwake ndinkadziuza kuti mwina simunaizindikire, majekete ndi ambiri padziko.

Chimene chandigwira tsopano ndi Deborah ndi foni yake. Mtsikanayu amagulitsa salaula, zovala zija zakaunjika, pa msika wa Matero, koma sagula belo lonse ngati anzake. Amasankha zovala zakale zenizeni, amazijambula, n'kuziika pa foni, anthu a ku mayadi n'kumabwera ndi magalimoto kudzazitenga. Akuti zimenezo ndi vinteji. Nditafunsa tanthauzo anati ndi chinthu chakale chimene chakana kufa. Ndinati basi, nanenso ndine vinteji. Ba Maggie anati: "Imwe ndimwe salaula yotsala pansi pa belo, yamene bapasa mahala."

Mwezi watha kunayamba kuzizira m'mawa, ndinatulutsa jekete. Deborah anaponya ndowa pansi. "Agogo, imani apo pa chipupa! Osaseka, muzaononga. Yang'anani kumbali monga ba Agogo bakazi bakukalipirani." Nkhope imeneyo sindinavutike kuipeza. Anandijambula, naika pa Fesibuku. Pofika madzulo foni inkalira ngati mwana wanjala. Ine amene ndinabisa chinthu kwa munthu mmodzi zaka zonsezi, ndinachionetsa ku Zambia yonse tsiku limodzi, kwinaku nditaika dzanja m'chiuno.

Loweruka kunabwera mnyamata wa tsitsi lopota, galimoto yake inakanika kulowa m'kanjira kathu, anafika wapansi akudumpha matope a pa kiyosiki ya madzi. Anaigwira jekete ndi manja awiri, anainunkhiza, anaisisita pazigongono pamene chikopa chayera ngati mimba ya bulu.

"Mudala, iyi ni yeniyeni," anatero. "Va manje ni va pulasitiki, mwezi umodzi chabe vayamba kusupuka monga njoka. Iyi yafewa monga nsalu koma siingang'ambike. Aya makwinya simungagule mu shopu. Nipaseni mtengo."

Ndinamuuza kuti abwere ndi mlongo wake, ndimukwatire mitala. Anaseka, natchula mtengo. A Nason, ndalama zogula mbuzi zisanu ndi kamwana pamwamba. Deborah anandiponda chala. Ba Maggie anatuluka m'nyumba ndi chipande m'manja. Ba Nkole anali atatsamira kale pampanda, makutu ali tcheru ngati galu womva mbale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene nthabwala ina, koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Siningagulitse. Si yanga. Ni ya mng'ono wanga."

Ba Nkole ndiwo anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Aleluya! Wakum'mawa wakamba zoona! Lembani deti!"

Mnyamata uja anapita. Ba Maggie anandikhazika pa kampando ka kukhitchini, ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozerani inu. Sanakuwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa. Anangoti: "Zaka zonse izi nakhala nikamba mumtima kuti ba Nason ni bouma mutima, banatisiya pa maliro ya mwana. Kanshi ndimwe." Masiku atatu anandipatsa chakudya osandiyang'ana.

Tsiku lachinayi Deborah anabwera ndi foni. Pansi pa chithunzi changa, pakati pa mauthenga a anthu ofuna kugula, panali mawu a mdzukulu wanu Sophie: "Ndawaonetsa agogo. Akuti jekete ikuoneka yonenepa, koma woivalayo wawonda." Ndinamuuza Deborah awerenge katatu. Ndinaseka mpaka kutsokomola, kenaka ndinapita kuseri kwa nyumba kukaona ngati mpapaya ukukula bwino. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amenewo ndiwo mawu oyamba amene mwanditumizira osakhala moni wamba. Sindikudziwa ngati munanena moseka kapena mokwiya. Ine ndasankha kukhulupirira kuti munaseka, ngakhale ndi mbali imodzi ya kamwa.

Ndinatsala pang'ono kuchita chopusa china. Ndinaganiza kuti sindingakubwezereni chinthu chokalamba chotere, ndiye ndinapita nayo kwa wosoka nsapato kumsika kuti aipake utoto wakuda, aiwalitse ndi polishi, ioneke ngati yatsopano. Munthuyo anali atatsegula kale botolo pamene Deborah anatulukira akuthamanga, patapata mmodzi m'manja. "Agogo, muzaipaya! Mufuna kubisa chani futi? Ba Agogo ba ku Katete baione mwamene ilili!" Mwana wa Isaiah ameneyu, pakamwa ndi pa agogo ake aakazi.

Choncho mwailandira mmene ilili, ndipo ndikuuzeni za zipsera kuti musavutike kufunsa. Chipsera cha nyali ndi cha atate, mukuchidziwa. Kolala yodyeka kumbuyo ndi ya atatenso. Zotsalazo ndi zanga. Phewa lamanja lapyapyala chifukwa cha matumba a feteleza. Zipi si ija yoyamba, iyi ndi yachitatu, ndipo imafuna kuinyengerera ngati ba Maggie: muyambe mwakoka pansi pang'ono musanakweze. Nsalu yam'kati inatha, alamu anu anasokeramo bulangete la Isaiah la ali mwana. Pamsana pali mzere wa waya wa mpanda, tsiku limene ndinkathawa galu wa Mgiriki wina, nkhani imeneyo imafuna ndiifotokoze ndi manja. Mukamaisamala musaichape ndi madzi. Kansalu konyowa pang'ono, kenaka Vaselini pachala, n'kuiyanika pamthunzi.

Zaka zimene mukanaivala inu sindingakubwezereni. Munazizidwa Juni makumi anayi ndi awiri chifukwa cha ine, inu amene munagwira ntchito imene inali yanga. Ndinalakwa, mng'ono wanga. Ndinalakwira inu, ndinalakwira atate, ndipo pa maliro a mwana wanga ndinakuchititsani manyazi pamaso pa alendo. Apa palibe nthabwala, ndayang'ana ponseponse sindinaipeze.

Tsopano pempho. Deborah akukwatiwa Loweruka pa 20 Julaye, ku tchalitchi chathu konkuno. Mnyamata wake ndi Clive, amakonza mafiriji, waulemu ngakhale ndi Mbemba. Atate ake a mtsikanayu kulibe. Mwa ana a atate tatsala awiri, ine ndi inu. Akuchimuna akadzafunsa kuti akuluakulu a mwanayu ali kuti, sindikufuna kudzaimirira ndekha ngati mtengo wa magetsi. Ndipo mukundidziwa, akandipatsa mpata wolankhula ndidzanena zoti ukwati uthe tsiku lomwelo. Pakufunika munthu wa mawu ochepa ndi olemera. Jekete ndi yanu mubwere kapena musabwere, sindikugula nayo ulendo wanu. Koma mwanayo muli naye pamenepo, muyang'aneni pamphumi, mundiuze ngati si Isaiah.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mkulu wanu wopusa uja akadalipo. Moni kwa Sophie, kazitape wanga wokondedwa. Ba Maggie akuti bedi la m'chipinda chaching'ono layalidwa kale, ndipo ayamba kundiyang'ananso, ngakhale ndi diso limodzi. Ba Nkole akuti mubwere ndi mbewa zouma kuti aone ngati n'zoona kuti anthu amadya zimenezo, ndipo akuti ulendo uno ufa adzakupakani wa chisangalalo.

Lachinayi la sabata ya ukwati ndidzakhala pa siteshoni ya Intercity kuyambira basi yoyamba ya ku Chipata mpaka yomaliza. Maso anga masiku ano saona nkhope patali, ndipo yanu sindikudziwa kuti zaka zaichita zotani. Muvale jekete. Imeneyo ndingaidziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi.

Ine mkulu wanu, amene ayambe kuzizidwa mawa m'mawa,

Dyton Mbewe